Chisoti cha asilikali chachita dzimbiri: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Salima alipo mabanja omwe akusungabe chisoti chachitsulo chomwe agogo awo adabwera nacho kuchokera kunkhondo. China chili pansi pa bedi, china chidakolekedwa m'khitchini momwe chikudya utsi, china chidasanduka momwera nkhuku. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe eni zisotizi amakhala nawo akaona kuti dzimbiri layamba kulowerera. Mayankho onse atsamira pa mfundo imodzi: ntchito yathu ndi kuletsa dzimbiri kuti lisapitirire kudya chitsulo, osati kuwalitsa chisoticho. Penti wakale, manambala ndi dzina la mwiniwake zikachoka, palibe mmisiri angazibwezeretse.

Agogo anga aamuna adali msilikali wa KAR. Ndingadziwe bwanji kuti chisoti chomwe adasiya n'cha nkhondo iti?

Yambani ndi maonekedwe. Chisoti cha asilikali a Britain chimaoneka ngati kabeseni kozondotsa, kosazama, kokhala ndi mlomo wotambalala kuzungulira. Adachikonza ndi John Leopold Brodie mu 1915, kuti chiziteteza mutu ku zidutswa za mabomba zogwa kuchokera kumwamba. Mu 1938 kudatuluka mtundu wina wotchedwa Mark II, ndipo zisoti zambiri zomwe zili m'manja mwa mabanja a kuno zimakhala za mtundu umenewu.

Chifukwa chake chili mu mbiri ya KAR. Gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR) lidakhazikitsidwa mu 1902. Pa nkhondo yoyamba ija, yomwe makolo ankaitcha ya Chiwaya, kuyambira kumenyana kwa ku Karonga mu Seputembala 1914 mpaka kuthamangitsana ndi von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany, m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique, asilikali athu ankavala zipewa zansalu, osati zachitsulo. Zachitsulo zidafala pa nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945, pomwe anyamata a Nyasaland adamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Ena adapitanso ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Tembenuzani chisoticho ndipo muyang'ane kunsi kwa mlomo, pafupi ndi pomwe pamakoledwa lamba. Nthawi zambiri pamakhala zilembo za kampani yomwe idachipanga pamodzi ndi chaka. BMB ndi Briggs Motor Bodies, RO & CO ndi Rubery Owen, F&L ndi Fisher and Ludlow. Ngati kumbuyo kwa mlomo kuli timabowo titatu toyandikana, chidapangidwa ku South Africa. Timabowoto tidali tokolowekamo nsalu yotchinga khosi ku dzuwa. Musadabwe maginito akakana kumata. Zisoti za kunkhondo za mtunduwu zidapangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi manganese, pafupifupi magawo 12 pa 100 aliwonse, ndipo chitsulo chotere sichikoka maginito kwenikweni.

Si chisoti chilichonse chakale chomwe n'cha asilikali. Abambo ambiri a kuno adapita ku Joni kudzera ku Wenela n'kubwerera ndi zisoti za kumgodi. Izo zimakhala zopepuka, zambiri si zachitsulo, ndipo kutsogolo zimakhala ndi pokoleka nyali.

Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere. Nanga bwanji zitsulo zimachita dzimbiri msanga kuno?

Dzimbiri limangofuna zinthu zitatu: chitsulo, mpweya ndi chinyezi. Mchere umangofulumizitsa. Kuno kunyanja chinyezi chimachuluka mumpweya, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo kutentha kumathamangitsa ntchito yonseyo. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira magawo 65 pa 100, chitsulo chosatetezedwa chimayamba kudyeka ngakhale sichidanyowe ndi mvula.

Mchere umene umapha zisoti umachokera m'nyumba momwemo. Thukuta la m'manja lili ndi mchere. Fetereza ndiye woipitsitsa: chisoti chosungidwa m'chipinda chimodzi ndi matumba a fetereza chimatha zaka zochepa chabe. Zitosi za nkhuku ndi mkodzo wa makoswe nazonso zimadya chitsulo.

Kodi dzimbiri lonse liyenera kuchoka?

Ayi, ndipo pamenepa m'pomwe zisoti zambiri zimaonongekera. Pali dzimbiri la mitundu iwiri. Loyamba ndi lofiirira mowala, lonyenyeka, lomwe limatsalira kuchala mukakhudza kapena kugwa ngati ufa mukagogoda pang'ono. Limeneli lili moyo, likudya, ndipo liyenera kuchotsedwa. Lachiwiri ndi loderako, lolimba, losalala, lomwe lidagwirana ndi chitsulo kalekale. Limeneli lidaima, ndipo mukalipaka phula limakhala chomwecho zaka zambiri.

Kumbukirani kuti chitsulo cha chisotichi n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi. Dzimbiri lililonse lomwe mukuliona ndi chitsulo chomwe chidatha kale. Mukalikokolola lonse, pansi pake simupeza chitsulo chosalala ayi, mupeza timaenje, penanso mabowo. Ine ndimakonda chisoti chofiirira chomwe chili ndi zigamba za penti wake wa khaki kusiyana ndi chonyezimira chomwe sichikunenanso kalikonse za munthu yemwe adachivala.

Ndichite chiyani ndisanayambe?

Chijambuleni ndi foni mbali zonse, kunja ndi m'kati, padzuwa. Kenako chiyang'anitsitseni cha m'mawa kapena madzulo, kuwala kukamabwera chammbali, chifukwa nthawi imeneyo zilembo zozilala zimaoneka. Asilikali ambiri ankalemba dzina kapena nambala yawo kunsi kwa mlomo, ena ndi penti, ena ndi pensulo, ena pokanda ndi msomali. Pomwe mwapeza cholembedwa chilichonse, musapakhudze ndi madzi, oyilo kapena burashi yolimba.

Samalaninso thupi lanu. Valani magolovesi, chifukwa mlomo wodyeka umatema, ndipo bala la chitsulo chomwe chakhala m'dothi lingathe kubweretsa kafumbata. Mukatemeka, tsukani ndi sopo ndipo mupite kuchipatala akaone ngati mukufunika jakisoni. Penti wakale kawirikawiri amakhala ndi mtovu, choncho fumbi lake musalipume. Mangani kansalu kumphuno, gwirirani ntchito panja, ndipo ana akhale patali.

Pali chenjezo lina lapadera. Zisoti za Brodie za nkhondo yoyamba zidali ndi kachigamba ka asibesitosi pakati penipeni m'kati mwake, chinthu chaulusiulusi chomwe fumbi lake limaononga mapapo mukalipuma. Mu 2014 bungwe la boma la Britain loona za chitetezo cha pantchito, Health and Safety Executive, lidachenjeza masukulu kuti ana asamavale kapena kugwiragwira zisoti zoterezi. Mukaona m'kati muli chinthu choyererako, chaulusiulusi, chonyenyeka, musachipale kapena kuchiuzira. Ikani chisoti chonsecho m'jumbo, mumange, ndipo mufunse kaye a ku Department of Museums and Monuments.

Chisoti changa chikadali ndi penti. Njira yabwino koposa ndi iti?

Njira youma, ya pang'onopang'ono. Zida zake zonse zimapezeka pamsika wa pa Boma kapena pa Kamuzu Road: burashi yofewa yopentera, mswachi wakale, timitengo tosongola ta nsungwi, nsalu yoyera ya thonje, oyilo wa makina osokera yemwe atelala amagwiritsa ntchito, ndi sitiliwulu wofewetsetsa. Pa sitiliwulu m'pofunika kusamala. Uja wokwechera mapoto ndi wokhakhala kwambiri. Wofunika ndi wolembedwa 0000 pa paketi. Mukamusowa, ndi bwino kungogwiritsa ntchito mswachi ndi nsalu.

Choyamba sesani fumbi, ndi dothi lonse ndi burashi youma. Zisa za mavu ndi matope ouma muzigamule ndi kamtengo ka nsungwi, osati mpeni. Nsungwi ndi yofewa kuposa chitsulo, ndiye imachotsa dzimbiri lonyenyeka popanda kukanda zomwe zili pansi pake.

Kenako sankhani kamalo kakang'ono kunsi kwa mlomo kuti muyesere. Donthezani oyilo pang'ono pa dzimbiri lokhalo, mudikire mphindi 20 kapena 30 kuti alowerere, kenako mupukute mozungulira ndi mswachi kapena sitiliwulu, dzanja lili lopepuka. Pukutani ndi nsalu yoyera ndipo muyang'ane nsaluyo. Ikafiira, ndi dzimbiri lomwe likuchoka, pitirizani. Ikaonetsa mtundu wobiriwira kapena wa khaki, ndi penti amene akuchoka, lekani pomwepo. Chitani chigawo chofanana ndi chikhatho chanu pa nthawi imodzi. Ntchitoyi imatenga masiku, ndipo palibe chothamangira: chisoti chomwe chadikira zaka 80 chingathe kudikira sabata ina.

Zisoti zambiri za Mark II zili ndi penti wokhakhala chifukwa adamusakaniza ndi mchenga kuti asamanyezimire padzuwa n'kuulula pomwe msilikali wabisala. Kukhakhala kumeneko si dzimbiri. Anthu ena amakusalaza poganiza kuti akukonza, pamene akuchotsa chizindikiro chenicheni cha kunkhondo.

Mukamaliza, chotsani oyilo yense ndi nsalu youma mpaka nsaluyo isathimbirirenso, kenako mupake phula monga ndafotokozera m'munsimu.

Bwanji osangochikwecha ndi mchenga ndi phulusa monga timachitira ndi mapoto, kapena kupita nacho kwa owotcherera kuti adutsepo ndi gulayinda?

Chonde musatero. Mchenga, sandipepa, burashi yawaya ya pa makina ndi gulayinda zimachotsa dzimbiri, penti, manambala ndi chitsulo chomwe nthawi imodzi. Gulayinda imatenthetsanso chitsulo chopyapyalachi mpaka kusintha mtundu, ndipo pomwe padali podyeka imaboola. Owotcherera a kuno amadziwa ntchito yawo pa mageti, mawindo ndi ngolo, koma chisoti chakale si geti.

Ndamva kuti viniga, mandimu kapena Coca-Cola zimachotsa dzimbiri. N'zoona?

N'zoona, koma zili ndi mtengo wake. Viniga wa m'golosale ali ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100, mandimu ndi bwemba zili ndi asidi wawo, ndipo Coca-Cola ali ndi asidi wotchedwa phosphoric wochepa kwambiri. Asidi sasankha: akamaliza dzimbiri amayamba chitsulo, ndipo amalowa pansi pa penti n'kumutukula. Chisoti chogonekedwa m'viniga masiku awiri chimatuluka chotuwa, chakufa maonekedwe, timaenje tonse tili poyera.

Ngati chisoti chilibe penti ngakhale pang'ono, chilibe zam'kati, ndipo chitsulo chake chikadali cholimba, viniga angathandize. Sakanizani theka viniga theka madzi, muviike chonse chimire, muzichitulutsa maola awiri kapena atatu aliwonse n'kuchitsuka ndi mswachi. Musachisiye usiku wonse. Musathiremo mchere, ngakhale ambiri amalangiza choncho. Mchere umabisala m'timaenje ndipo dzimbiri limadzabwerera mwaukali kuposa kale. Coca-Cola ndiye musavutike naye, amagwira mochedwa ndipo shuga wake amaitana nyerere.

Nanga mankhwala otchedwa oxalic acid omwe osunga zinthu zakale amawatchula?

Pa njira zonse zoviika, iyi ndi yomwe imalemekeza penti kwambiri. Ndi ufa woyera womwe akalipentala ena amayeretsera matabwa, ndipo muyenera kuufunafuna m'masitolo akuluakulu a hadiweya kapena ogulitsa mankhwala a m'labotale ku Lilongwe. Umasungunula dzimbiri mofulumira kuposa momwe umadyera chitsulo, ndipo nthawi zina umavumbulutsa penti ndi zizindikiro zomwe zidakwiririka.

Thirani supuni imodzi yaikulu pa lita imodzi ya madzi ofunda m'ndowa yapulasitiki. Viikani chigoba chachitsulo chokha, popanda lamba kapena zam'kati. Muzichiona mphindi 30 zilizonse, n'kumapukuta ndi burashi yofewa. Maola ochepa amakwana. Mukachedwa, pamamera chikanga chachikasu chobiriwirirako chomwe chimavuta kuchotsa.

Ufawu ndi poizoni weniweni, umaononga impso. Umafanana ndi shuga kapena mchere, choncho m'nyumba ya ana usungeni motsekera, m'chitini cholembedwa bwino. Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo ndowayo isadzabwererenso kukhitchini. Komanso dziwani kuti penti yemwe wakhala pamwamba pa dzimbiri amagwa ndithu dzimbirilo likasungunuka. Ngati pentiyo akutuphuka kale, bwererani ku njira youma ija.

Mlamu wanga akuti molasesi wa kufakitale ya shuga amagwira ntchito. Si nthabwala imeneyi?

Alamu anu akunena zoona, ndipo ife a Salima ndi Nkhotakota tili ndi mwayi chifukwa nzimbe zimagayidwa konkuno ndi ku Dwangwa. Molasesi, yemwe alimi amapatsa ng'ombe, ali ndi zinthu zomwe zimakoka dzimbiri pang'onopang'ono. Sakanizani gawo limodzi la molasesi ndi magawo 9 a madzi m'chidebe chapulasitiki, mumize chisoti chonse, muvundikire mosatsekeratu, ndipo muike patali ndi nyumba chifukwa akayamba kuwira amanunkha kwabasi. Zimatenga sabata ziwiri mpaka zinayi. M'nyengo yotentha ya Okutobala zimafulumirirako. Masiku atatu aliwonse chitulutseni, muchitsuke, muone pomwe chafika.

Chofunika n'chakuti chimire chonse. Mbali yomwe yatsala pamwamba imadyeka pamzere pomwe madzi alekezera, ndipo mzerewo sufufutika. Onetsetsaninso kuti m'kati mwa chigobacho simudatsekeredwe mpweya, chiikeni chagada. Njira imeneyi ndi ya chisoti chopanda penti. Kuchedwa kwake ndiko ubwino wake, chifukwa mumakhala ndi nthawi yoti muleke zinthu zisanaonongeke.

Ndili ndi chaja ya batire la galimoto. Njira ya magetsi ija imayenda bwanji?

Imagwira bwino kwambiri pa chisoti chomwe chidakutidwa ndi dzimbiri lochindikala, koma imachotsa penti yense, choncho ndi yomaliza kuiganizira. Ubwino wake ngwakuti siidya chitsulo chabwino chomwe chatsala.

Dzazani madzi m'ndowa yaikulu yapulasitiki, muthire supuni imodzi yaikulu ya soda wochapira pa malita 4 aliwonse. Mukamusowa, tengani soda wophikira uja timathira m'therere, mumukazinge wouma m'poto kwa kanthawi. Kutentha kumamusandutsa soda wochapira. Imikani zidutswa za chitsulo wamba, monga zotsala za nsimbi zomangira nyumba, kuzungulira m'mbali mwa ndowa ndipo muzilumikize ndi waya. Chisoti chilendewere pakati osakhudzana nazo. Chingwe chakuda cha chaja chipite ku chisoti, chofiira chipite ku zidutswa zija, ndipo kopanira kofiirako kakhale kunja kwa madzi. Mukasemphanitsa zingwezi, chisoti chanu ndicho chimadyeka. Pakapita mphindi zochepa muona tithovu tikukwera. Dzimbiri limasanduka chikanga chakuda chomwe chimachoka ndi burashi, pena pa tsiku limodzi, pena awiri.

Pali zinthu zinayi zosayenera kuziphwanya. Chitirani panja, chifukwa mpweya womwe umatuluka ndi hydrogen, umayaka. Fodya ndi mbaula zikhale kutali. Musagwiritse ntchito supuni, poto kapena chilichonse cha chitsulo chosachita dzimbiri chija ngati chidutswa cha mbali yofiira, chifukwa chimaipitsa madzi ndi chromium wapoizoni. Musathire mchere m'malo mwa soda. Ndipo muzimitse chaja musanapise dzanja m'madzi. Kulumikiza batire la galimoto mwachindunji popanda chaja n'koopsa, chifukwa zitsulozo zikakhudzana waya amapsa nthawi yomweyo.

Ngati chisoti chili chodyeka moti mukachiyang'anitsa kudzuwa kuwala kukudutsa m'malo ambiri, musachiike m'ndowamo. N'kutheka kuti dzimbiri ndilo likuchigwirizira, ndipo likachoka mutsala ndi zidutswa.

Asidi wa m'batire ndiye amapezeka mosavuta. Sangathandize?

Ayi. Ameneyo ndi sulphuric acid, amatentha khungu, amachititsa khungu akagwera m'maso, ndipo amadya chisoti chopyapyala mofulumira. Asidi wotsukira simenti ndi matailosi nayenso musamuyandikize, chifukwa amasiya mchere wake m'chitsulo womwe umadzutsa dzimbiri kwa zaka.

Ndachitsuka bwinobwino, koma pasanathe ola chachitanso chikasu. Ndalakwitsa pati?

Chitsulo chongovulidwa kumene chimayamba dzimbiri pa mphindi zochepa chikakhala chonyowa. Mukangochitulutsa m'viniga, mu oxalic acid kapena m'molasesi, chitsukeni ndi madzi ambiri, kenako muchiviike mphindi 10 kapena 15 m'madzi osungunulamo soda wophikira, supuni ziwiri pa lita, kuti mphamvu ya asidi ithe. Tsukaninso ndi madzi oyera, makamaka otentha, chifukwa chitsulo chotentha chimauma chokha msanga. Madzi a m'mijigo ina ya kuno amamveka kamchere. Ngati wanu ndi wotero, tsukirani komaliza ndi madzi a mvula.

Pukutani ndi nsalu nthawi yomweyo ndipo muchiyanike padzuwa la masana, mukuchitembenuza. Samalani ndi mkombero wa m'mphepete mwa mlomo ndi pomwe pali zokolekera lamba, chifukwa madzi amabisala m'menemo. Chikasu chopyapyala chija chimachoka ndi nsalu ya oyilo pang'ono. Ntchito yonse yoviika muikonzere m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, osati m'dzinja.

Ndipake chiyani kuti dzimbiri lisabwerere? Oyilo wakuda wa galimoto ali bwanji?

Phula ndilo labwino. Kumalo osungira zinthu zakale amagwiritsa ntchito phula lapadera lotchedwa Renaissance Wax, lomwe lidakonzedwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Kuno silipezeka wamba, koma polishi wa nsapato wopanda mtundu, kapena polishi woyera wa pansi, amagwira ntchito yofananako. Phula la njuchi losefedwa bwino, lofewetsedwa ndi tapentaini pang'ono, nalonso limathandiza. Chisoti chikadali chofunda ndi dzuwa, pakani mopyapyala ndi nsalu, mudikire liume, mupukute, kenako mubwereze kachiwiri. Kamodzi pachaka, mvula isanayambe, pakaninso.

Oyilo wakuda wochoka m'injini ali ndi zinyalala ndi asidi, amadetsa penti mpaka kalekale, ndipo amakoka fumbi. Mafuta ophikira amavunda n'kumanata. Girisi amabisa zonse, moti simungaone ngati dzimbiri layambanso pansi pake. Vanishi amanyezimira, amachita chikasu pakapita zaka, ndipo kumuchotsa kumatengera penti wakale yemwe. Phula lili ndi ubwino wakuti mdzukulu wanu angadzalichotse mosavuta akadzapeza njira yoposa yathuyi.

Ndingachipente mwatsopano kuti chioneke bwino pakhoma?

Ngati patsala penti wakale ngakhale pang'ono, musapente. Ngati palibiretu ndipo banja lagwirizana kuti lipente, ndi chisoti chanu, koma jambulani kaye zilembo zonse, musapake penti pomwe zili, ndipo mulembe papepala chaka chomwe mwapenta kuti obwera m'mbuyo asadzaganize kuti ndi mtundu wa kunkhondo. Musajambulepo zizindikiro za gulu la asilikali zomwe padalibe.

Pali mabowo ndi popindika. Ndikawotcherere?

Zisiyeni. Moto wowotcherera umakulitsa bowo pa chitsulo chodyeka, ndipo chitsulo cha manganese chimavuta kuwotcherera osang'aluka. Popindika paja mwina padagunda kanthu ku Burma, mwina padagwera mtondo pakhomo pomwe pano. Zonsezo ndi mbiri ya chisoticho. Kuwongola ndi hamala kumathothola penti ndipo kungathe kung'amba chitsulo.

Nanga lamba ndi zam'kati zija?

Ngati zilipo, muli ndi chinthu chosowa, chifukwa chiswe ndi makoswe zidamaliza zambiri. M'chisoti cha Mark II zam'kati zimagwiridwa ndi sikuluwu imodzi yokha pamwamba penipeni. Ikamamasuka mosavuta mutadonthezera oyilo, tulutsani zam'katizo ndipo muzisunge padera pomwe mukukonza chigoba. Ikakana, musaikakamize, ndipo zikatero njira zonse zoviika zagwa. Tsatani youma yokha.

Nsalu yake yakuda ndi labala wa pakati zimauma n'kumasweka, choncho muzingozisesa ndi burashi yofewa. Lamba wa pachibwano ndi wansalu yolimba ndipo m'mbali mwake muli masipuling'i obisika omwe amachita dzimbiri akanyowa. Musamuchape, musamukoke, ndipo oyilo asamukhudze.

Ndichisunge pati?

M'chipinda chouma, chodutsa mphepo, pamwamba pa shelefu kapena kabati, osati pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lomwe limanyowa m'dzinja. Khitchini, bafa ndi mosungira fetereza si malo ake. Musachikoleke ndi lamba wake pamsomali, chifukwa kulemera kwake, komwe ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, kumadula lambayo pakapita nthawi. Chikhazikeni pa kamtengo kokulungidwa nsalu ya thonje. Musachitsekere m'jumbo kwa miyezi, chifukwa thukuta la m'jumbomo limabala dzimbiri, pokhapokha ngati ndi nkhani ya asibesitosi ija. Mvula ikatha mu Epulo, chitsitseni muchione. Kadontho kofiira katsopano mukakapeza msanga kamatha ndi mswachi ndi phula.

Pambali pake ikani pepala lolembapo dzina la agogo, mudzi, mfumu yawo, nambala yawo ya usilikali ngati ikudziwika, ndi komwe adamenya. Funsani azakhali ndi amalume akadali moyo. Ngati pali mamendulo, chithunzi kapena kabuku ka usilikali, zonse zikhale malo amodzi, koma mamendulowo asagundane ndi chitsulo cha chisoti.

Ndachifukula polima m'munda. Pali chosiyana?

Chilipo. Choyamba ndi chitetezo: pomwe papezeka chisoti pangathe kukhalanso zipolopolo kapena bomba. Mukaona chitsulo china chomwe simukuchidziwa, musachigogode ndi khasu, musachinyamule, ndipo musachiponye pamoto. Ikani chizindikiro, chotsani ana, ndipo mudziwitse amfumu ndi apolisi. Zinthu zoterezi zimaphulika ngakhale patapita zaka zambiri.

Chachiwiri, chitsulo chomwe chagona m'dothi chimamwa mchere wa m'nthaka, ndipo chikatuluka n'kukumana ndi mpweya chimayamba kusweka mofulumira. Chiviikeni m'madzi a mvula osungunulamo soda wochapira pang'ono, muzisintha madziwo sabata iliyonse kwa mwezi kapena iwiri, kenako muchiumitse bwino ndi kupaka phula. Dziko lathu lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu zakale za mbiri, choncho ndi bwino kudziwitsa a Department of Museums and Monuments za chomwe mwapeza ndi malo ake enieni.

Mwana wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Angachivale?

Asayerekeze. Chidapangidwira zidutswa zogwa kuchokera kumwamba, osati kugwa pa tala. Chilibe chofewa chomeza mphamvu ya kugunda, ndipo mlomo wake wotambalala ungathe kupotokola khosi. Mugulireni chisoti chenicheni cha njinga yamoto.

Ogula zitsulo zakutha akufuna kuchigula. Ndigulitse?

Iwo amagula pa sikelo, ndipo kilogalamu imodzi ya chitsulo chadzimbiri ndalama yake siifika patali. Kenako chisoticho chimakasungunulidwa. Ngati banja silingathe kuchisunga, lankhulani ndi a ku Chichiri Museum ku Blantyre, kapena a Cultural and Museum Centre ku Karonga, komwe nkhani ya nkhondo ya 1914 imafotokozedwa. Bungwe la asilikali opuma la VELOM nalonso lingakulozereni koyenera. Mlendo akafuna kuchigula kuti apite nacho kunja, funsani kaye a Department of Museums and Monuments za chilolezo. Ndipo musanachipereke kwa aliyense, khalani pansi ndi abale onse, chifukwa chisoti cha agogo si cha munthu mmodzi, ndipo yemwe akuchilandira mumupatse pamodzi ndi pepala la mbiri yake lija.